Chifukwa chiyani PHP ikuti Malaŵi ali ndi zilembo 7?

Wowerenga wina wanditumizira imelo sabata ino yokhudza PHP, chinenero cholembera mapulogalamu a pakompyuta. Akuti: "Ndikulemba pulogalamu yolembetsera mayina mu PHP. Ndikaika mawu akuti Malaŵi, strlen ikundipatsa 7 pomwe ine ndikuwerenga 6. Nthawi zina ŵ ija ikutuluka ngati Åµ. Ndingoichotsa, ndiziika w wamba?"

Ayi achimwene, chonde musaichotse. Pali anthu amene maina awo amalembedwa ndi chilembo chimenechi, ndipo chilibe mlandu uliwonse pa nkhaniyi.

strlen, imene PHP imayezera kutalika kwa mawu, siwerenga zilembo, imawerenga ma byte, timagawo timene kompyuta imasungiramo zinthu. Mu UTF-8, njira yosungira zilembo m'ma byte, zilembo za mu ASCII, mndandanda wakale uja wa zizindikiro 128, zimatenga byte imodzi chilichonse. Koma ŵ mulibemo. Nambala yake mu Unicode, mndandanda waukulu wa zilembo za zinenero zosiyanasiyana, ndi U+0175, ndipo imasungidwa m'ma byte awiri, C5 ndi B5. Zilembo zisanu za byte imodzi kuphatikiza awiriwo, ndiye 7 wanu uja. Gwiritsani ntchito mb_strlen, ikupatsani 6. Podula mawu muzitenganso mb_substr, chifukwa substr ikhoza kuing'amba ŵ pakati, n'kusiya byte imodzi yopanda tanthauzo.

Åµ uja ndi ma byte awiri omwewo, kungoti chinachake chawawerenga ngati Latin-1, njira ina yakale yosungira zilembo, momwe C5 ndi Å ndipo B5 ndi µ. Tsamba la pa intaneti, database yosungiramo mayina ndi kulumikizana kwake zonse zikhale pa UTF-8. Ngati database yanu ndi MySQL sankhani utf8mb4, popeza utf8 yawo yakale imalekera pa ma byte atatu, pomwe ma emoji ambiri amafuna anayi.

Tsopano chimene chinandidyera usiku wonse ine ndi ichi: ŵ imalembedwa m'njira ziwiri. Ina ndi chilembo chimodzi chija, U+0175, ina ndi w wamba wotsatidwa ndi kachipewa kapadera, U+0302. Pamaso n'zofanana ndendende, koma apa ngakhale mb_strlen ikuuzani 7, ndipo munthu akafufuza dzina lake salipeza. Dutsitsani dzina lililonse mu Normalizer::normalize musanalisunge, kuti zonse zikhale NFC, kalembedwe kamene kamaphatikiza w ndi kachipewa kukhala chilembo chimodzi.

Ngati pulogalamu yanu idzatumizanso ma SMS, pamenepo ndiye samalani thumba. Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, koma ŵ mulibe mu zilembo za GSM, zimene SMS wamba imagwiritsa ntchito. Ikangolowa imodzi, uthenga wonse umasamukira ku UCS-2, kalembedwe kena kodya malo ambiri, malire n'kutsika kufika pa 70, ndipo mukhoza kulipira mauthenga atatu pamene munkayembekezera umodzi. Werengani ndi malire a 70 musanatumize.