Akana kundiyeza khansa ya thumba la mazira, ndiumirire?

Mayi wina wazaka 41 wanditumizira imelo. Azakhali ake, mlongo wa bambo ake, anamwalira ndi khansa ya thumba la mazira. Iye sakumva kupweteka paliponse, koma atapempha kuti amuyeze, adokotala anakana. Akufunsa ngati aumirire.

Achemwali, imelo yanu yagona masiku anayi ndisanayankhe, chifukwa mwandigunda pachilonda. Amayi anga aakulu anapita ndi matenda omwewa. Miyezi yambirimbiri ankangodandaula kuti m'mimba mwadzaza mpweya. Akangodya pang'ono, akhuta. Masiketi anasiya kuwakwana m'chiuno pomwe nkhope ndi mikono zikuwonda, ife n'kumawaseka kuti ayamba kunenepera kuukalamba. Kuseka kumeneko kumandiwawabe mpaka lero. Pomwe ankawachita opaleshoni n'kuti matenda atafalikira kale m'mimba monse.

Maliro atangotha, mantha anandigwira pakhosi. Ndinakakamiza dokotala wina kuti andiyeze magazi aja amati CA-125, ndipo zotsatira zinapitirira 35, malire amene iwo amayendera. Masabata atatu tulo osabwera. Ndinafika poganiza za amene adzalere ana anga. Sikani itachitika, anangopeza ma fibroids, zotupa za m'chiberekero zomwe si khansa. Apo mpamene anandiuza kuti CA-125 imakwera ndi zambiri: msambo, kukhala ndi pakati, endometriosis (matenda omwe minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake), ngakhale matenda a chiwindi. Choipa china, pafupifupi theka la amayi omwe khansayi yangoyamba kumene, CA-125 yawo siikwera n'komwe.

Ine ndinapulumuka ku mpeni, ena ayi. Pa kafukufuku wa PLCO ku America, wa amayi pafupifupi 78,000, kuyeza aliyense CA-125 ndi sikani sikunachepetse imfa, koma ena anachitidwa opaleshoni popanda khansa, n'kuvutika ndi zotsatira zake. Ku Britain, wa UKCTOCS anatsata amayi opitirira 200,000, ndipo mu 2021 yankho linali lomwelo.

Ndiye ndisapsatire. Pokana kukuyezani muli bwinobwino, adokotala anu sanalakwe, ndipo amene amatsatsa CA-125 ngati "cheke cha chaka ndi chaka" akungogulitsa mantha. Koma ngati anakana osakufunsani za kumtundu kwanu, apo ndiye anachita ulesi. Ambiri, ngakhale ena ovala zoyera, amaganiza kuti matenda a amayi amatengera kuchikazi kokha. Bodza limenelo. Vuto la m'chibadwa lotchedwa BRCA1 kapena BRCA2 bambo atha kukhala nalo osadwala, n'kupatsira mwana wake wamkazi. Mwa amayi wamba, wodwala khansayi saposa awiri pa 100 aliwonse m'moyo wonse. Mwa a BRCA1 ndi pafupifupi 40 pa 100, a BRCA2 pafupifupi 17. N'chifukwa chake Angelina Jolie, katswiri wa mafilimu wa ku America yemwe ali ndi vuto la BRCA1, anachotsetsa mathumba ake a mazira ndi machubu mu 2015.

Ndisanaiwale, chinthu china chimandipsetsa mtima. Mnzanga wina anandiuza monyadira kuti "ine anandiyeza kale, ndili bwino." Nditafunsitsa, anali atayezetsa khomo la chiberekero. Kuyezako n'kofunika zedi, musasiye, koma sikufika kumazira. Amayi anga aakulu ankadzitonthoza ndi mawu omwewa.

Nanga muchite chiyani?

Funsani akuluakulu mbali zonse ziwiri, mulembe amene anadwala khansa ya mazira, ya bere, ya matumbo, ya chiberekero kapena ya prostate (kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo), ndi zaka zomwe anali nazo. Pitani nacho chipepalacho, mupemphe uphungu wa kuyezetsa BRCA. Akaipeza, amalangiza kuchotsa mathumba ndi machubu mukamaliza kubereka, pazaka 35 mpaka 40 kwa a BRCA1, 40 mpaka 45 kwa a BRCA2. Mapiritsi olera omwedwa zaka zisanu kapena kuposerapo amachepetsa chiopsezo pafupifupi ndi theka, ngakhale sayenera aliyense. Kubereka, kuyamwitsa ndi kutseketsa machubu zimathandizanso.

Koma mimba ikayamba kutupa, mukamakhuta msanga, kumva kupweteka pachinena kapena kukodza pafupipafupi, ndipo zizindikirozi zikamabwera kopitirira ka 12 pamwezi, imeneyo si nkhani yoyeza munthu wabwinobwino ayi. Pamenepo CA-125 ndi sikani zili ndi ntchito, ndipo asakubwezeni ndi mankhwala a mpweya.