Tsiku limodzi ku Stone Town: kuyenda ndi gulu kapena nokha?

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo kuti iwo ndi anzawo a kuntchito akupita ku Zanzibar, ndipo pa ulendo wonsewo tsiku limodzi lokha ndilo lapatulidwa kuti akaone mzinda wakale wa Stone Town. Akufunsa ngati kuli bwino kutsatira gulu ndi woonetsa malo, kapena apatuke n'kukadzionera okha.

Mayi, m'mawa muyende ndi gulu, koma madzulo akhale anu. Njira za mumzindawu ndi zopapatiza komanso zokhotakhota moti galimoto sizilowa m'malo ambiri, ndipo mlendo amene wangotsika kumene m'sitima yochokera ku Dar es Salaam, ulendo wa maola pafupifupi awiri, amatha m'mawa wonse akuzungulira pamodzimodzi. Woonetsa malo adzakupulumutsani ku zimenezo, komanso adzakusonyezani kusiyana kwa zitseko zogoba zachiarabu ndi zachimwenye, zimene munthu woyenda yekha amangozidutsa.

Koma pali malo amodzi amene musalole kuti akuthamangitsenipo, ndiwo tchalitchi cha Anglican cha Christ Church. Chidamangidwa pomwe padali msika wa akapolo, umene Sultan Barghash adautseka mu 1873 atapanikizidwa ndi Angerezi, ndipo Bishopu Edward Steere amene adatsogolera ntchito yomangayo adaikidwa m'manda kuseri kwa guwa. Kwa ife malowa si mbiri ya eni ayi. Ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa pamenepo adagwidwa m'midzi ya kuno kwathu, n'kuwolotsedwa nyanja pa Nkhotakota m'nthawi ya a Jumbe, n'kuyenda wapansi atamangidwa magoli mpaka ku Kilwa, kumene ankawakweza m'ngalawa zopita ku chilumbachi. M'kati mwa tchalitchicho muli mtanda waung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo ku Zambia, umene pansi pake padakwiriridwa mtima wa David Livingstone, ndipo mishoni ya UMCA, bungwe la amishonale a Anglican ochokera ku Britain, imene idamanga tchalitchichi ndi yomweyo idamanganso tchalitchi chachikulu cha pa Likoma. Panja pali chipilala cha zifanizo za akapolo zoimirira m'dzenje, unyolo uli m'khosi.

Ine nditapita ndi gulu, wotitsogolera adatipatsa mphindi zochepa chabe pamalopo, kenako n'kutisunga nthawi yaitali m'sitolo ya nsalu ndi zonunkhira, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti sindidalankhulepo. Choncho mumuuze woonetsa malo wanu musananyamuke, anzanu akumva, kuti mukufuna ola lathunthu pa tchalitchicho.

Malo enawo safuna nthawi yambiri. Linga lakale la Ngome Kongwe, limene Aarabu a ku Oman adamanga atapirikitsa Apwitikizi, mudzaliona m'kanthawi kochepa. Pambali pake pali nyumba yachifumu yotchedwa House of Wonders ya mu 1883, imene mbali yake ina idagwa mu Disembala 2020, motero mufunsiretu ngati akulowetsa alendo. Msika wa Darajani ndi wosangalatsa, ngakhale kuti kwa munthu wozolowera misika yathu chachilendo ndi nsomba za m'nyanja yamchere basi.

Anthu ambiri a ku Zanzibar ndi Asilamu, choncho muvale zophimba mapewa ndi mawondo, ndipo chitenje chimene timanyamula kale m'chikwama chidzakuthandizani. Musajambule munthu musanapemphe, ndipo ngati ulendowo wagwa m'mwezi wa Ramadan musadye kapena kumwa poyera masana.

Dzuwa likapendeka tsanzikanani ndi gulu, mutapangana nthawi ndi malo okumanirana, n'kulowa nokha m'tinjira tija. Mukasochera musade nkhawa, chifukwa mzinda wakalewu ndi waung'ono ndipo aliyense adzakulozerani kunyanja, kumene pa bwalo la Forodhani ophika amayala matebulo awo kukamada. Mufunse mtengo asanakuikireni chakudya m'mbale.