Mayi amene wasiya kubwera kosoka uja, musamuchotse

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Matawale, kuno ku Zomba. Akuti ali pagulu la amayi 7 osoka zofunda za zigamba, ndipo amakumana kawiri pamwezi, lero kwa uyu, ulendo wina kwa uyo, aliyense n'kumaonetsa chimene wasoka. Mmodzi wayamba kujomba, ndipo ikakwana nthawi yake yolandira anzake amapeza chifukwa. Ena akuti angomuchotsa. Funso lake ndi lakuti, timuchotse kapena timusiye?

Ndinawerenga kawiri, kenako ndinaika foni pansi n'kukhala duu. Achemwali, zimene mukunenazo ndinazichitapo ine, ndipo anzanga akanandichotsa nthawi imeneyo sindikanagwiranso singano.

Gulu lathu linayamba ndi anthu anayi, pakhonde la mayi wina wachikulire wa kwa Chinamwali. Iwowa anaphunzira zosoka kalekale, nthawi ya Kamuzu, masiku amene alangizi a homukilafuti ankayenda m'madera kuphunzitsa amayi kusoka, kuluka ndi kuphika. Tonse tinkangowatchula kuti agogo. Panalibe dzina la gulu, panalibe wapampando, panalibe kope la malamulo. Aliyense ankabwera ndi jumbo yake ya tizidutswa ta nsalu. Tambiri tinkatola kwa atelala a m'makonde a mashopu pafupi ndi msika waukulu wa Zomba, chifukwa telala akadula diresi ya chitenje pamatsala timakona timene iye alibe nato ntchito. Tina tinkadula ku malaya a pakaunjika ong'ambika kolala koma thupi lake lili bwinobwino. Chakudya chinali tiyi ndi mbatata, nthawi zina chinangwa chophika.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi nthawi yoonetsa. Munthu ankatambasula ntchito yake pamkeka, kapena kuipachika pachingwe choyanikira zovala, tonse n'kusendera kumbuyo pang'ono kuti tione mmene mitundu yakhalirana. Agogo sankayamba ndi kumaso. Ankaitembenuza, n'kuyendetsa chala m'misoko yakumbuyo, kenako n'kuyang'ana pamene makona anayi akumana. Ngati sanakumane sankakalipa. Ankangofunsa kuti, "Unasita usanalumikize?" Yankho linkakhala lodziwikiratu.

Zonse zimene ndikudziwa ndinaziphunzira pamkeka umenewo. Chitenje chatsopano uchichape kaye usanadule, chifukwa chimafupika chikalowa m'madzi koyamba, ndipo chofiira ndi chabuluu nthawi zambiri zimatulutsa utoto n'kuwononga zoyera zoyandikana nazo. Msoko ukhale wofanana paliponse, kota ya inchi, imene ndi mamilimita pafupifupi 6. Zimaoneka zazing'ono, koma ukasiyanitsa pang'ono pa chigamba chilichonse, pofika chigamba cha 12 mzere wonse wapotoka. Choyezera udule pa katoni yolimba, ndipo ikayamba kutha m'mbali upange china. Msoko uliwonse uusite ndi simbi, kuugonekera kumbali ya nsalu yoderapo. Nsalu yotamuka ya tisheti usaiphatikize ndi chitenje, zimakokana. Ndipo chofunda chenicheni chimakhala cha magawo atatu: pamwamba pa zigamba, m'kati mofunditsa, ndi nsalu yapansi. Ife m'kati tinkaikamo bulangete lakale lochapa bwino, chifukwa siponji ya m'sitolo ndi yodula komanso ikachapidwa kangapo imaunjikana malo amodzi. Aliyense wokhala m'munsi mwa phiri la Zombali akudziwa mmene Juni ndi Julayi amakhalira chiperoni chikatsika. Zofunda zathu sizinali zokongoletsera chipinda, zinali zoti ana agone osanjenjemera.

Kenako gulu linakula, tinafika 9. Tsiku lina mayi wina anatiphikira mpunga wa Kilombero ndi nkhuku. Sanachite modzikweza ayi, mwana wake anali atasankhidwa kupita ku sekondale ndipo mtima wake unali wodzala. Tinadya, tinasangalala naye. Koma wolandira wotsatira anaona kuti sangabwerere ku mbatata. Anaphika nkhuku nayenso, n'kuonjezera zakumwa za m'mabotolo. Wina anaika chambo. Wina keke. Palibe tsiku limene tinakhala pansi n'kugwirizana zimenezi, zinangokwera zokha ngati madzi a Likangala mvula ikagwa kuphiri. Nthawi yoonetsa ntchito inayamba kuchepa, chifukwa mwini nyumba ankakhala kukhitchini, ena n'kumamuthandiza kudula kabichi, ndipo pomaliza kudya dzuwa lapendeka, aliyense akuganiza za kabaza wobwerera.

M'chaka chomwecho ntchito ya bambo a kunyumba inatha. Tinachoka m'nyumba imene tinkakhala n'kukachita lendi zipinda ziwiri kwa Chikanda, pakati pa nyumba zogonamo ana a ku yunivesite. Mipando inatsala itatu. Bafa ndi chimbudzi tinkagawana ndi mabanja ena. Itafika nthawi yanga yolandira gulu ndinatumiza uthenga woti kumudzi kwagwa maliro. Kunalibe maliro. Ulendo wachiwiri ndinati mwana wadwala. Wachitatu ndinangozimitsa foni. Ndipo poti munthu sungamadye nkhuku za anzako iwe osabweza, ndinasiyanso kupita kwa enawo.

Chimene chimandipweteka mpaka lero si njala ya masiku amenewo. Ndi chakuti m'miyezi yomweyo ndinali kusoka ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndinasokapo, ndipo panalibe woiona. Mayi anga atamwalira, pogawana katundu ine ndinatenga zitenje zawo zakale zimene ena sanazifune chifukwa zinali zosuluka. Panali cha msonkhano wa amayi a Mvano, panali cha ukwati wa mng'ono wanga, panali china cholimba cha ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre chimene ankaberekera tonsefe. Ndinazidula timabokosi, n'kumalumikiza pamanja usiku, magetsi akazima ndi tochi ya foni. Nditamaliza gawo lapamwamba ndinalipinda n'kuliika m'sutikesi. Ntchito ya zigamba imafuna maso a mnzako. Wekha suona kuti chobiriwira chachuluka mbali imodzi. Komanso ndinkafuna wina woti agwire nsalu ija n'kunena kuti, "Ichi ndikuchikumbuka, ankavala amayi ako."

Ndinadzamva pambuyo pake kuti nkhani yondichotsa inakambidwa, ndipo mawu ake anali omwewa amene mwandilemberawa: amangodya za anzake, sakuonetsa chidwi, akutibwezera m'mbuyo.

Tsono pano ndilankhula mosabisa, ndipo ena mukwiya. Chakudya chapha magulu ambiri a amayi kuposa miseche. Taonani mmene zakhalira zinkhoswe ndi mabulaido shawa, chilichonse chitenje chake, chilichonse chopereka chake, mpaka munthu kukatenga katapila kuti asaoneke wotsalira. Mzimu womwewo ukalowa m'gulu losoka, gululo latha, ngakhale anthu azikumanabe. Luso limeneli ndi la anthu osataya kanthu. Linabadwa chifukwa nsalu inali yosowa ndipo kansanza kalikonse kanali ndi ntchito. Ndiye zingatheke bwanji kuti pakhomo pa luso lotere paimikidwe nkhuku, kuti wopanda nkhuku asalowe? Ine ndimakana. Gulu limene mayi wosauka akuchita manyazi kulilandira lasiya kukhala gulu losoka, ngakhale zofunda zake zikongole chotani.

Mwana wanga anandionetsa pafoni zithunzi za zofunda za amayi a ku Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda ku Alabama m'dziko la America, zidzukulu za akapolo. Ankasoka ndi mathalauza akuntchito otha, madiresi akale ndi matumba, kuti afunde m'nyumba zozizira. Mu 2002 ntchito zawo zinaonetsedwa m'nyumba yaikulu ya zaluso ku Houston, kenako ku New York, anthu n'kumadabwa. Ndinayang'anitsitsa zithunzizo. Mizere ina ndi yokhota, mabondo a thalauza osuluka akuoneka pomwepo. Ndinaona manja a anthu onga ife. Ndipo ndikamawerenga za Dorika pa Machitidwe 9, chimene chimandigwira mtima ndi chakuti atamwalira, amasiye anaimirira pafupi ndi Petro akulira, n'kumamuonetsa malaya ndi zovala zimene Dorika anasoka. Anaonetsa zosoka. Ndi zimene zinatsala m'manja mwawo.

Ndipo poti ndayamba kale, ndinene ndi zandalama. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulusi, singano za makina ndi zitenje zonse zinakwera, ndipo magulu ambiri anayamba kuganiza zophatikiza kusoka ndi banki m'khonde kapena chipereganyu. Ine ndili mu banki m'khonde ndipo imandithandiza, koma ndi ya tsiku lina, anthu ena, malo ena. Mukaziphatikiza, amene ali ndi ngongole sabwera, ndipo wabwerayo maso ake amakhala pa kope, osati pa nsalu. Zogulitsa nazonso musadzinamize nazo. Chofunda chachikulu chosoka pamanja chimadya miyezi, ndipo ndi anthu ochepa amene angalipire mtengo wa miyezi imeneyo pamene pakaunjika pali maduveti. Ofuna ndalama asoke tizikwama, zovundikira mapilo ndi timatumba, zimenezo zimayenda, ngakhale kwa alendo okwera ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba. Koma aliyense payekha, osati kusandutsa Loweruka la gulu kukhala fakitale.

Ine amene anandibweza ndi agogo aja. Anafika Lachitatu lina m'mawa, kukuzizira, atakwera kabaza wa njinga kuchokera kwa Chinamwali, atafunsira njira kwa anthu mpaka kupeza khomo langa. Anali ndi jumbo yawo. Anati maso awavuta, ndiwathandize kulowetsa ulusi m'masingano angapo kuti akasokere sabata yonse. Mpando anaukana, anakhala pamkeka. Sanafunse za maliro aja, sanafunse za mwana. Tinakhala pafupifupi ola lathunthu, iwo akusoka, ine ndikulowetsa ulusi. Kenako anati, "Nanga iwe manja ako akugwira chiyani masiku ano?" Ndinatsegula sutikesi. Anatambasula, anatembenuza monga mwa chizolowezi chawo, anayendetsa chala. Anakhala chete nthawi yaitali. Ponyamuka anati, "Mwananga, Loweruka tikubwera kuno. Ungotereka madzi."

Anabwera asanu. Atatu sanabwere, ndipo awiri mwa iwo sanabwererenso m'gulu, zimenenso ndinazilandira. Agogo anabweretsa mbatata yophikaphika m'kapoto, atakulunga ndi nsalu. Tinatulutsa tebulo panja, tinasesa, tinayala nsalu yapansi pasimenti, bulangete pamwamba pake, kenako zitenje za amayi anga. Tonse tinagwada mozungulira n'kumagwiriziza magawo atatuwo ndi misoko italiitali, kuyambira pakati kupita m'mphepete kuti pasakhale makwinya. Ntchito imene ndekha ikananditengera masiku tinaimaliza dzuwa lisanalowe. Ana a sukulu oyandikana nafe ankasuzumira pakhomo, ndipo mtsikana mmodzi anapempha kuti aphunzire. Mpaka lero ali nafe.

Nanga inu muchite chiyani?

Musamuchotse. Apite munthu mmodzi yekha, amene mayiyo amamasuka naye, pakati pa sabata, atanyamula chosoka m'manja. Asapite ndi uthenga wa gulu ndipo asafunse chifukwa chojombera. Pagulu gwirizanani poyera kuti chakudya ndi tiyi ndi chinthu chimodzi chotafuna, kwa aliyense, ngakhale kwa amene ali ndi firiji yodzaza, ndipo woyamba kutsika akhale amene ali nazo. Kuonetsa ntchito kuzikhala koyamba, kudya pambuyo. Amene sangathe kulandira alendo kwake aloledwe kulandirira pakhonde la mnzake popanda kufotokoza.

Mwina vuto lake si nyumba kapena chakudya. Mwina bambo a kunyumba sakufuna alendo, mwina m'nyumbamo muli wodwala amene sakufuna kuti aonedwe. Mwinanso wina anaseka ntchito yake tsiku loonetsa, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri kuposa mmene timavomerezera. Pagulu lathu panali mayi wina amene anasiya kubwera miyezi iwiri chifukwa mnzathu ananena mongocheza kuti chofunda chake chikuoneka ngati chopondera mapazi. Kuyambira pamenepo tinapangana kuti woonetsa ndi amene aziyamba kulankhula, anene pamene pamuvuta, ndipo ife tiziyankha pamenepo. Ndiponso timalimbikitsa kubweretsa zosamaliza. Chomaliza mumangochiyamikira, koma chosamaliza mukhoza kuchithandiza, ndipo munthu amene mwezi wonse wangosoka timabokosi titatu chifukwa cha mavuto asaope kubwera nato.

Amene apite kwa mayi wojomba uja atenge tizidutswa tochuluka pang'ono kuposa timene akufuna, makamaka toyera ndi tamtundu umodzi, popeza timeneti ndi timene timasowa kwa atelala. Pochoka atisiye pamkeka pomwepo.