Za liwiro pa Likoma: galimoto n'zochepadi, koma werengani njinga zamoto

Achimwene, mwafunsa kuti khonsolo ivutikirenji ndi malire a liwiro pa Likoma, pomwe galimoto za pachilumbapo n'zowerengeka ndipo misewu yambiri ndi yamchenga ndi miyala, yoti imamuletsa yokha munthu kuthamanga. Za galimotozo simukunama. Koma mwaiwala akabaza. Njinga yamoto siopa msewu woipa, imangosankha kanjira kosalala m'mbali, ndipo kanjirako ndi komwe amayenda ana asukulu ndi amayi osenza mabeseni a usipa.

Tachitani masamu pang'ono. Chilumbachi m'litali ndi makilomita 8 kapena kuposerapo pang'ono. Ndi kukhotakhota kwa msewu, tingoti kuchoka ku Makulawe kukafika ku Nkhwazi ndi makilomita 10. Woyenda makilomita 30 pa ola afika m'mphindi 20, woyenda 60 afika m'mphindi 10, ndipo palibe angayende 60 njira yonseyo. Phindu lonse la kuthamanga ndi timphindi tosakwana n'kuwiritsa madzi a nsima.

Tsono onani mbali inayi. Pa liwiro la 30, njinga imadutsa mamita 8 pa sekondi imodzi. Pa 60 imadutsa pafupifupi 17. Sekondi imeneyo ndi yomwe woyendetsa amangoti "ii!" asanaponde n'komwe buleki. Akaponda, mtunda woti aime pa 60 umachuluka kanayi kuyerekeza ndi wa pa 30, ndipo apo tikunena pa tala pouma. Pamchenga tayala lakumbuyo limangoseseleka chammbali. Ganizani njinga ikutsika chitunda, yanyamula anthu awiri kumbuyo ndi thumba la chimanga pa thanki, kenaka mbuzi ivumbuluke kuseri kwa mlambe, mwana akuithamangitsa pambuyo. Milambe ya pa Likoma mukuidziwa kunenepa kwake. Chomwe chili kuseri simuchiona mpaka mutafika. N'chifukwa chake msonkhano wa mayiko wokambirana za chitetezo cha pamsewu ku Stockholm, m'dziko la Sweden, mu 2020 unagwirizana kuti pomwe anthu oyenda pansi amasakanikirana ndi galimoto, liwiro lisapose 30. Pa Likoma msewu uliwonse ndi wotero, mulibe woti uwu ndi wa galimoto zokha.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ine ndi zomwe zimachitika ngozi itachitika kale. Chipatala cha St Peter's chilipo ndipo chimathandiza anthu, koma munthu wovulala kwambiri m'mutu kapena msana amafunika ku Mzuzu Central. Kuti akafike kumeneko ayambe wawoloka nyanja makilomita oposa 60 mpaka pa Nkhata Bay, kenaka akwere ambulansi kukwera mapiri aja. Sitima ya Ilala siyima pa Likoma tsiku lililonse. Boti laling'ono limadalira mafuta ndi nyengo, ndipo mwera ukawomba mu June kapena July eni maboti omwe amakana. Ndege ilipo kwa amene ali nazo m'thumba. Ngozi yomwe ku Lilongwe munthu angapulumuke chifukwa Kamuzu Central ili pafupi, pachilumba itha kukhala maliro. Wa ku chilumba chinzake cha Chizumulu ndiye musachite kunena.

Pomwe ndingagwirizane nanu ndi pa zikwangwani za malire a liwiro. Kukhoma chitsulo cholembedwa 30 n'kuchoka ndi kutaya ndalama basi. Takwerani kabaza muyang'ane wotchi ya liwiro: pa njinga zambiri singano idagona kalekale, mwini wake amangoyesa ndi mphepo kumaso. Apolisi nawo sangaime pakona iliyonse ndi kamera.

Funsani kaye chomwe anyamatawa amathamangira. Ambiri njinga si zawo, madzulo amayenera kupereka ndalama yoikika kwa abwana, zotsala ndiye zawo. Tsiku la sitima, anthu akatsika pa Mbamba ndi katundu, ndiye tsiku lopha makwacha. Aliyense afuna atule uyu msanga abwerere asanalandidwe wina. Ngati pa siteji pali mzere woti aliyense anyamula nthawi yake ikakwana, chifukwa chothamangira chimachepa chokha. Zimenezi angakonze ndi akabaza eni ake kudzera m'komiti yawo, mafumu ndi a community policing atakhalapo. Ubwino wa chilumba ndi woti wothamangayo amadziwika dzina, kwawo ndi amalume ake. Komiti itamuimitsa pa siteji sabata imodzi, zimamuwawa kuposa chindapusa. Khonsolo ili ndi mphamvu yopanga malamulo ake aang'ono, ndiye ingotsimikizira zomwe anthu agwirizana.

Mahampu pafupi ndi sukulu, msika ndi pa tchalitchi chachikulu ku Chipyela angathandize, koma akhale oonekera patali. Aja anthu amangounjika dothi usiku atakwiya ndi ngozi amagwetsanso woyendetsa wosalakwa. Helimeti ikhale iwiri, ya woyendetsa ndi ya wokwera, yomanga lamba pachibwano, osati yokoleka pa chiwongolero ngati chokongoletsera. Nyali iziyaka. Wolawako kachasu njinga aisiye.

Musaganize kuti izi n'za ife tokha. Pachilumba cha Jersey, pakati pa England ndi France, tinjira tina ta kumidzi adatiikira malire a mamailosi 15 pa ola, pafupifupi makilomita 24, kuti oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi okwera akavalo aziyenda mosaopa. Anthu olemera, chipatala chili pakhomo, koma adaona kuti n'koyenera.

Komaliza, inu amene mumalira tala m'gulu muno tsiku ndi tsiku: ndikufuna nanenso, fumbi latikwana. Kungoti miyala yomwe mukuti imaletsa kuthamanga ija ikachoka, njinga yomwe imayenda 35 iyamba kuyenda 70 pakhomo pa sukulu pomwepo. Paliponse pomwe akuthira tala, funsani kontilakitala ndi khonsolo kuti mahampu ndi kanjira ka oyenda pansi zili pati pa pulani, asanapakire makina awo m'sitima.