Kwa achimwene ofuna kutsitsa MX-5 yawo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi Mazda MX-5 ya mtundu wa NB (m'badwo wachiwiri wa galimotoyi), yayenda mtunda wautali koma ma shock akadali omwe inatuluka nawo kufakitale, mumaiyendetsa tsiku ndi tsiku, ndipo mpata umene uli pakati pa tayala ndi madigadi sukukusangalatsani. Mukufuna kudziwa ngati mugule masipuling'i otsitsa okha, kapena mudikire kaye kuti mudzagule ma coilover (shock ndi sipuling'i zophatikizidwa, zoti mutha kusinthira msinkhu wa galimoto). Ndaona kuti ena akuuzani kale kuti mungodula masipuling'i omwe alipowo. Ine ndilankhula motalikitsako, mundipirire, chifukwa kagalimoto kameneka ndimakakonda, ndipo zimandiwawa kukaona katawonongeka pa nkhani yomweyi.

Nkhani yonse yagona pa malo amene tayala limasunthiramo. Tayala likakwera hampu kapena likagunda mwala, limafuna mpata woti lithawire m'mwamba galimoto isanamve. Mpatawo uli ndi polekezera. Pa ndodo ya shock pali kamphira kotchedwa bump stop, ndipo mukafika pamenepo ulendo wa tayala watha. Mukatsitsa galimoto ndi mamilimita 30 osasintha china chilichonse, tayala lataya mamilimita 30 a ulendo wake wokwera. Pa galimoto zina zimenezi sizidetsa nkhawa kwenikweni, koma MX-5 ya NA (m'badwo woyamba) ndi ya NB zimadziwika kuti kumbuyo kwake mpatawu ndi wochepa kale ngakhale zisanakhudzidwe. Mukaitsitsa kwambiri imakhala ikuyenda itatsamira pa kamphirako. Mumaimva ikugunda pansi pa mpando pa kadzenje kakang'ono, koma choopsa chenicheni chili pa kona. Galimoto ikapendekeka n'kufika pa bump stop, kumbuyo kumauma mwadzidzidzi, matayala akumbuyo n'kutaya msewu mosachenjeza. Kumbukirani kuti iyi ndi galimoto yongopitirira pang'ono tani imodzi, yokankha ndi matayala akumbuyo, ndipo kuchokera tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo ndi mamilimita 2,265 okha. Ikayamba kuzungulira siyikupatsani nthawi yoganiza.

N'chifukwa chake ine ndikamva munthu akufunsa kuti "zimenezi zimatsitsa bwanji", ndimafuna afunsenso kuti "zikatsitsa, mpata wotsala ndi wochuluka bwanji".

Tsopano za masipuling'i okha pa ma shock akale. Ndinachitapo zimenezi pa kagalimoto kanga koyamba. Sabata yoyamba ndinkangoyang'ana mmene kakhalira bwino, mtima uli mbee. Posakhalitsa ndinayamba kumva kuti ndikadutsa hampu, kumbuyo kumanjanja kawiri katatu kasanakhazikike. Patapita miyezi yochepa shock imodzi inayamba kudontha mafuta, ndipo zonse zinamasulidwanso kachiwiri, ntchito yomwe ikanagwiridwa kamodzi. Chimene chinachitika n'chosavuta kumvetsa. Sipuling'i imangosunga mphamvu n'kuibweza. Chimene chimaletsa galimoto kudumphadumpha ndi shock, imene imakakamiza mafuta kudutsa m'timabowo tating'ono mkati mwake, mphamvu ija n'kusanduka kutentha. Sipuling'i yotsitsa imakhala yolimba kuposa yakufakitale, motero ikafinyika imabwerera mwamphamvu kwambiri. Shock imene inapangidwira sipuling'i yofewa, kuwonjezera apo yatopa ndi zaka zoposa 20, singathe kuigwira. NB yomaliza inatuluka mu 2005, ndiye ma shock anuwo ngati ali oyambirira, ntchito yawo anaimaliza kalekale, kaya mutsitsa kaya simutsitsa.

Choncho pa galimoto yanu funso silili pakati pa masipuling'i okha ndi ma coilover. Lili pakati pa masipuling'i pamodzi ndi ma shock atsopano ogwirizana nawo, ndi ma coilover abwino.

Njira yoyambayo ndi imene ndingakulimbikitseni, poti mwati galimotoyi ndi ya tsiku ndi tsiku. Masipuling'i ngati Eibach Pro-Kit amatsitsa pang'ono, kawirikawiri pakati pa mamilimita 25 ndi 35 malinga ndi galimoto, ndipo H&R nawo ali ndi amtundu womwewu. Kumbali ya ma shock, Bilstein amasiyanitsa bwino: B6 ndi ya galimoto yosatsitsidwa, pomwe B8 ndi yofupikitsidwa dala kuti igwirizane ndi sipuling'i yotsitsa. Koni Sport, achikasu aja, amakulolani kusintha mphamvu imene shock imagwirira sipuling'i pobwerera, ndipo zimenezi zimathandiza kwambiri kupeza pamene galimoto ikukhazikika kamodzi kokha ikadutsa hampu. Pamodzi ndi zimenezi gulani ma bump stop aafupi ofewa poyambira, chifukwa akalewo mwina anaphwanyika kale kapena anauma ngati mtengo. Palinso ma top hat otalikitsidwa a kumbuyo, amene amakweza pamene ndodo ya shock imamangidwa, n'kukubwezerani gawo la mpata umene mwataya. Ndi kanthu kakang'ono kamene anthu ambiri sakaganizira, koma pa NB kamasintha zinthu kuposa zina zambiri zooneka bwino pa chithunzi.

Za ma coilover, pali chinthu chimene ambiri sadziwa: MX-5 inabadwa kale ndi sipuling'i yozungulira shock kumatayala onse anayi. Chimene anthu amachitcha coilover masiku ano ndi chija chokhala ndi mazinga pathupi pake, choti mutha kukweza kapena kutsitsa galimoto ndi sipanala. Akakhala abwino, monga a KW kapena Öhlins, amapambana njira yoyamba ija, chifukwa sipuling'i ndi shock zinapangidwira pamodzi ndipo thupi lake ndi lalifupi moti mpata umatsala wokwanira. Tein ndi BC Racing ali pakatikati ndipo ambiri amawagwiritsa ntchito. Amene ndikukuchenjezani nawo ndi aja opanda dzina lodziwika, amene amadzitama kuti ali ndi makiliki 30 ndi kuposa osinthira kulimba kwa shock. Kuchuluka kwa makiliki sikutanthauza kanthu ngati mkati mwa shock simunapangidwe bwino. Nthawi zambiri amaika masipuling'i olimba mopyola muyeso kuti galimoto isagunde pansi, ndipo wamanzere ndi wamanja sagwira mofanana. Coilover yotere imagonja kwa shock yabwino yokhala ndi sipuling'i wamba, pamsewu ngakhalenso pabwalo la mpikisano.

Mukafuna kuwagula, funsani wogulitsa kulimba kwa masipuling'i ake. Amayeza mu kg/mm, ena mu lb/in, ndipo 1 kg/mm ndi pafupifupi 56 lb/in. Akufakitale a galimoto yanu ali cha m'ma 3 kg/mm kutsogolo ndi 2 kg/mm kumbuyo. Zapamsewu zambiri zimakhala cha m'ma 6 kutsogolo ndi 4 kumbuyo, kumene kuli kale kuwirikiza kawiri. Mukaona 10 kapena 12, dziwani kuti ndi za pabwalo losalala ndi matayala omata, osati zopitira kuntchito. Musatengere manambala a galimoto ina, chifukwa pamene sipuling'i yamangidwa pa mkono wa tayala pamasiyana, ndiye 6 wa galimoto imodzi si 6 wa inzake. Funsaninso ngati shock yake imatheka kukonzedwa ikatopa. Mazinga aja amachita dzimbiri n'kugwirana, choncho apakeni girisi woletsa kugwirana tsiku lomangalo, apo ayi pakatha chaka simudzathanso kusintha chilichonse, ndipo chimene munagulira coilover chidzakhala chatha.

Kodi mutsitse bwanji? Ine ndikuti mamilimita 25 kufika 30, osapitirira. Mpata uja wa pa madigadi udzachepa mooneka, galimoto idzakhala bwino, ndipo simudzakhala mukukhula pansi pa hampu iliyonse. Pali chifukwa chinanso chimene sichioneka ndi maso mutaima pambali. Gwadani muyang'ane mkono wapansi umene umagwira tayala lakutsogolo. Uyenera kukhala wogona mowongoka kapena wotsikira pang'ono kutayala. Mukatsitsa mpaka mkonowo wayamba kukwera cha kutayala, malo amene galimoto imapendekekerapo, amene amati roll centre, amatsika msanga kuposa pakati pa kulemera kwa galimotoyo. Zotsatira zake n'zodabwitsa: galimoto yotsika kwambiri imafuna kupendekeka kuposa kale. Ndodo za chiwongolero nazo zimapendekeka, moti tayala likakwera hampu limadzikhotetsa lokha inu musanagwedeze dzanja. Inu muli ndi mwayi poti MX-5 ili ndi mikono iwiri, wapamwamba ndi wapansi, ndipo imapirirako. Anzathu amene akuwerenga ali ndi Toyota 86, Subaru BRZ, Suzuki Swift Sport kapena Golf, kumene kutsogolo kuli MacPherson strut (shock yogwiranso ntchito ya mkono wapamwamba), asamale koposa, chifukwa kumeneko vutoli limabwera msanga.

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, imikani galimoto pamalo osalala, tengani tepi muyeze kuchokera pakatikati pa limu kufika m'mphepete mwa madigadi, matayala onse anayi, mulembe. Musayeze kuchokera pansi chifukwa mpweya wa m'tayala umasokoneza. Mwina mudzapeza kuti masipuling'i akalewo anafwafwanyika kale, ndiye atsopano sadzatsitsa monga zalembedwera pabokosi. Bwino mudziwiretu.

Zodula masipuling'i zija, chonde musachite. Mapeto a sipuling'i anapangidwa kuti akhale bwino pampando wake. Mukadula sikhalanso bwino, ndipo tayala likalendewera imatha kuchoka pamalo galimoto ikuthamanga. Mbali ziwiri sizifanananso. Kuitenthetsa ndi moto kuti ifupike ndiye koipitsitsa, chifukwa chitsulo chimataya mphamvu yake, chimapitiriza kufwafwanyika ndipo chitha kuthyoka.

Pa tsiku lomanga pali zinthu ziwiri zimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Musalowe pansi pa galimoto imene yaima pa jeke yokha, ikani zochirikiza zachitsulo. Ndipo sipuling'i yofinyidwa ili ndi mphamvu yoti itha kuvulaza munthu koopsa, choncho ngati mulibe chofinyira chodalirika, apatseni amakaniko odziwa. Koma ngakhale amakanikowo muwakumbutse ichi: mabawuti odutsa m'mabushi a mphira asamangidwe kotheratu galimoto ili m'mwamba. Amange komaliza kulemera kwa galimoto kuli pa matayala. Mphira wa m'bushi suzungulira, umapotoka. Ukamangidwa tayala likulendewera, umakhala wopotoka nthawi zonse galimoto ikatsika, umang'ambika msanga, ndipo galimoto imaima pamwamba kuposa mmene iyenera. Popeza mukusintha msinkhu, ndi bwino kumasula mabawuti onse a mikono n'kuwamanganso pa msinkhu watsopanowo. Pomwepo muonenso mabushi ong'ambika, ma ball joint (mfundo zolumikiza mikono ndi tayala) ogwedera ndi tindodo tolumikiza sway bar, ndodo yolumikiza mbali ziwiri za galimoto yochepetsa kupendekeka.

Mukatha, yendani masiku angapo kuti zonse zikhazikike, kenako pitani ku alignment, kukawongoletsa kaimidwe ka matayala. Iyi si ntchito yoti mudzaione mtsogolo. Kutsitsa kumasintha camber, kumene kuli kupendekekera mkati kwa tayala, komanso toe, kumene kuli kuloza kwa matayala mkati kapena kunja. Ambiri amaloza chala camber tayala likadyeka mbali yamkati, koma wakudya matayala weniweni ndi toe yolakwika, chifukwa tayala limakhala likukwekwereza cham'mbali ulendo wonse. Ubwino wa MX-5 ndi woti ili ndi mabawuti ndi ndodo zosinthira zonsezi kutsogolo ndi kumbuyo komwe, simufunika kugula zowonjezera. Vuto ndi loti pa galimoto yakale mabawuti amenewa amagwirana ndi dzimbiri mkati mwa bushi, ndiye yambani kuwathira mafuta ofewetsa masiku angapo musanapite. Pamsewu, camber ya pakati pa digiri -1 ndi -1.5 ndi yokwanira, toe yakutsogolo ikhale pafupi ndi 0, yakumbuyo iloze mkati pang'ono kuti galimoto ikhazikike.

Mukumbukirenso kuwongola nyali zakutsogolo, kuwadziwitsa a inshuwalansi, ndi kufufuza malamulo a dziko limene muli, chifukwa amasiyana. Ku Germany, mwachitsanzo, zida zotere zimafunika zikalata zovomerezeka, ndipo nthawi zambiri galimoto imakaonedwanso ndi oyeza monga a TÜV.

Chinthu chimodzi simunanene: kodi chikukuvutani ndi maonekedwe okha, kapena mukuonanso kuti galimoto ikupendekeka kwambiri pa makona? Ngati ndi kupendekeka, ma shock atsopano, sway bar yakutsogolo yokulirapo ndi matayala abwino zitha kukupatsani zambiri kuposa kutsitsa, ndipo mpata wa tayala sumataya. Ndiuzeninso saizi ya matayala anu ndi offset ya malimu (mmene limu limalowera mkati kapena kutulukira kunja), chifukwa malimu otulukira kunja amayamba kukhula madigadi galimoto ikangotsika. Mukayeza manambala anayi aja muwalembe pano, tione pamodzi kuti galimoto yanu ili pati panopa ndi kuti ingatsike mpaka pati.