Kalembera wa 2011 uja anandionetsa zakuda ku Jaunpur

Achimwene amene mukuphunzira ku India, musayerekeze kulemba za mudzi umene mukuchitako kafukufukuwo mutangokhala mu hostel ndi kalembera wa dzikolo wa 2011 m'manja. Wa 2021 sanachitike chifukwa cha Covid, ndiye manambala mukuwaonawo ndi a ana amene pano ena ali ndi ana awo. Ndikulemba pano mtima ukuwawabe.

Wanga unali mudzi waung'ono m'boma la Jaunpur, kum'mawa kwa chigawo cha Uttar Pradesh (UP). Pa pepala pafupifupi aliyense mlimi. Mpunga nthawi ya kharif mvula ikayamba mu June ndi July, tirigu ndi mpiru nthawi ya rabi, kukolola March ndi April. Aphunzitsi ondiyang'anira anandipezera mnyamata womasulira, ati ndi wodalirika, m'bale wake wa pradhan, mkulu wosankhidwa wa gram panchayat, khonsolo ya mudzi. Ndinkamulipira tsiku lililonse, petulo wa njinga yamoto kuthira ine, tiyi kugula ine. Iye n'kumati dzuwa lakula, inu mlendo mudwala, khalani pa mthunzi mafomu ndikudzazirani. Amene munalawako May wa ku UP mukudziwa, madigiri 45 ndi chimphepo chotentha chija amati loo.

Pali tsiku lina limene sindidzaliiwala. Ndinakakamira kuti tibwerere limodzi pa nyumba ina, womasulira uja anazemba ati ali ndi ukwati. Ndinapita ndekha. Agogo ena aakazi anandikhazika pa charpai, bedi lolukidwa ndi zingwe, pakhonde, njati yawo yoweta ikubzikula pambali, mpongozi wawo ataphimba nkhope yonse ndi sari akusuzumira pakhomo. Kamtsikana ka sekondale kodziwa Chingerezi kanatenga fomu ija, kuwerenga, n'kuyamba kuseka. Kenako kanasiya kuseka. Mutu wa banja amene analembedwa kuti amalima tirigu ndipo wayankha yekha mafunso anali agogo ake aamuna, amene anamwalira kale. Ana aamuna onse olembedwa kuti ndi alimi, panalibe ndi mmodzi yemwe pamudzipo. Wina amayendetsa takisi ku Mumbai, wina ali pa makina oluka nsalu ku Surat, wamng'ono kumayiko a Aluya a ku Gulf. Agogo aja anatulutsa foni mu bulauzi n'kundionetsa zithunzi mmodzimmodzi. Ine thukuta kamukamu, m'chikwama muli mulu wa mafomu abodza okhaokha, ndalama za scholarship zitatha. Munthu uja ankangokopera mayina m'kaundula wakale atakhala pa shopu ya tiyi!

Nditakadandaula kwa aphunzitsi, yankho lake linali loti nthawi yatha, ingoperekani zomwezo, palibe adzapite kukaona. Munthu wophunzira chonchija. Mpaka lero ndikaganiza ndimanjenjemera ndi mkwiyo. Womasulira uja foni anasiya kuyankha, ndalama zanga zinapita.

Zimene ndinadzapeza nditayambiranso ndi izi. Mudziwo suchepa m'mabuku, umachepa pa nkhomaliro. Mayina amakhalabe pa ration card, khadi lopezera chakudya cha boma, ndi mu parivar register, kaundula wa mabanja a m'mudzi, koma ogona pamudzi ndi nkhalamba, amayi ndi ana, ngati mmene zilili m'midzi ina ya ku Mzimba ndi Mangochi amuna atathera ku Joni. Minda ndiye inaphwanyika. Boma la UP linathetsa uzamindari, ulamuliro wa eni malo akuluakulu pa alimi, ndi lamulo la 1950, mabanja ambiri anapeza malo, kenako kunabwera mapampu a injini ndi mbewu zatsopano za tirigu, zokolola zinakwera. Koma munda wa agogo ukagawidwa kwa ana, anawo n'kugawiranso ana awo, chotsala ndi kachidutswa kodyetsa banja basi. Fetereza, dizilo, fizi, chuma chimene makolo amapereka kwa banja la mwamuna pokwatitsa mwana wamkazi, zonse zimachokera pa ndalama yotumizidwa pa foni. Amene alibe wolima amapereka munda pa batai, wolimayo ndi mwini munda kugawana zokolola. Osauka zedi ndiye ganyu, kuumba njerwa, ndi ntchito zakumudzi zimene boma linkapereka nthawi imeneyo, zotchedwa MGNREGA, za lamulo la 2005, masiku 100 pa chaka pa banja. Mkaka wa njati ndi umene umasunga amayi ambiri. Ndipo mu 2020, lockdown italengezedwa pa 24 March, amuna aja anabwerera, ena wapansi, mudzi n'kudzaza mwadzidzidzi. Agogo aja anati chakudya sichinkakwana. Zinthu zitatseguka, onse anapitanso.

China, musanamizidwe ndi mawu oti Hindi. Chimene munaphunzira m'kalasi n'china, nkhalamba za kumeneko zimalankhula Bhojpuri kapena Awadhi. Ndipo bigha, muyezo wawo wa minda, musamaisandutse maekala musanafunse, kukula kwake kumasiyana dera ndi dera.

Langizo langa? Musakhulupirire aliyense wochokera kwa pradhan. Komabe musalowe m'mudzi osayamba mwakamuona pradhan, apo ayi palibe adzakutsegulireni pakhomo, ndipo akakupatsani munthu wake mutengeni ndithu, musamukhumudwitse. Kalembera uja musindikizebe, muyambire pomwepo. Koma mayina enieni a okhala pamudzi akupatsani ndi mayi wa anganwadi, malo a boma osamalira ana, kapena wa ASHA, wazaumoyo wa m'mudzi, za minda funsani lekhpal, kalaliki wa boma wosunga kaundula wa minda. Pa fomu muike funso loti munthuyu anagona kuti usiku wathawu. Musapite nthawi ya zikondwerero za Holi kapena Diwali, amuna amabwera kudzacheza kwawo, mudzawerenga alendo. Ndipo amayi ophimba nkhope aja sadzalankhula ndi inu mwamuna, pezani mtsikana woti muziyenda naye, mumulipire bwino.