Chinkhupule chomerapo maselo: bwanji mpweya, osati mankhwala?

Mtsikana wina amene akuphunzira sayansi wanditumizira imelo. Akuti: "Ndamva kuti ofufuza amapopera mpweya mu pulasitiki kuti ichite timabowo tomerapo maselo a thupi. Bwanji osangoisungunula ndi mankhwala?"

Achemwali, mwafunsa bwino. Maselo samera m'malere, amafuna pogwira. Ndiye ofufuza amawakonzera chinthu chonga chinkhupule, kawirikawiri cha PLGA, pulasitiki ya mtundu wa ulusi uja amasokera mabala n'kusungunuka wokha m'thupi. Mankhwala monga chloroform amaisungunuladi, koma akatsalira ngakhale pang'ono amavulaza maselo, komanso amawononga mapuloteni amene timafuna kusakanizamo kuti mnofu kapena fupa likule.

Mu 1996, wofufuza wa ku America David Mooney ndi anzake, kuphatikizapo Robert Langer ndi Joseph Vacanti, anatsekera tizidutswa ta PLGA m'chibotolo chachitsulo, n'kupoperamo mpweya wa carbon dioxide mpaka 5.5 MPa (mphamvu yokankha yoposa ya mpweya wotizungulirawu nthawi zopitirira 50), kwa maola 72. Mpweyawo unalowerera mu pulasitiki yonse. Kenako anautulutsa. Mukudziwa momwe Fanta imachitira thovu mukangotsegula chitsekerero? N'zomwezo, kungoti pano thovulo limauma pomwepo, n'kusiya timabowo ta pafupifupi ma micrometre 100 (gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita). Zina mwa zinkhupulezo, 93 peresenti inali mphako yokhayokha.

Koma apa m'pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ambiri amadumphapo. Kuboola n'kosavuta, chovuta n'chakuti mabowowo alumikizane. Nyemani mandasi muone: mkati muli timphako tambirimbiri, koma ambiri ndi otsekeka, ndipo kunja kuli chikhungu. Zinkhupule zoyambazo zinali choncho. Selo lingalowe bwanji m'chipinda chopanda khomo? Ndipo likatalikirana ndi magazi kupitirira ma micrometre 200 kapena cha pomwepo, okosijeni salifikanso bwino, limafa. Zimandiwawa ndikaona anthu akutamanda kuchuluka kwa mabowo osafunsa ngati madzi angadutsemo.

Mu 1998 gulu la Mooney ku University of Michigan linapeza yankho lochokera kukhitchini: mchere. Anasakaniza PLGA ndi timiyala ta mchere, n'kupoperamo mpweya, kenako n'kuviika m'madzi. Mchere utasungunuka unasiya makomo pakati pa timabowo.

Ku yunivesite ya Nottingham ku England, Steve Howdle ndi Kevin Shakesheff anagwiritsa ntchito carbon dioxide yotentha kupitirira madigiri Celsius 31 komanso yopanikizidwa kupitirira ma bar 74 (bar imodzi ndi pafupifupi mphamvu yokankha ya mpweya wotizungulirawu), pamene sikhalanso mpweya weniweni kapena madzi enieni. Ikatero imafewetsa pulasitiki popanda kuiwotcha, moti mapuloteni amasakanizika osawonongeka. Liwiro lotulutsira mpweya nalonso limasintha zinthu: mukafulumira mumapeza timabowo tating'ono tambiri, mukachita pang'onopang'ono timakula n'kuyamba kugumukirana.

Choncho achemwali, mukamawerenga kafukufuku wa zimenezi, fufuzani chithunzi cha chinkhupule chodulidwa pakati, osati cha pamwamba pokha. Mukachipeza munditumizire, tidzachione limodzi.